Mtengo wopanda mtengo

## Talyau ya ku Chingodzi

Mtengo uja ndidaupeza uli chilili. Sindidaubzale, sindidauthirirepo ngakhale chikho chimodzi cha madzi, ndipo papepala limene tidasainirana ndi mwini malo mu 2017 sudatchulidwe n'komwe. Udali chakumadzulo kwa talyau, malo omangapo nyumbawo, pafupi ndi malire: bwemba wamkulu, thunthu lake loti anthu awiri agwirane manja kuti alizungulire. Kuseri kwake kudali misau iwiri yokhotakhota, ndi kamtowo kamene mbuzi zidakadya mpaka kutsala kandodo.

Kwathu ndi ku Dómue. Kuno ku Tete ndidatsikira ntchito ya uphunzitsi, ndipo monga wina aliyense wa kumtunda amene dzuwa la Okutobala la m'chigwa muno lidamuwambapo, ndinkalota kintale, bwalo la pakhomo, yobiriwira. Koma kubiriwira kumene ndinkafuna kudali kwa mtundu umodzi wokha, kuja ndinkasuzumira pamageti a mabwana a kumigodi ya malasha: kapinga wometedwa molingana, mitengo ya ashoka yoongoka itandanda m'mbali mwa mpanda, maluwa ofiira atatsamira khoma. Bwemba m'chithunzi chimenecho adalibe malo. M'maso mwanga adali tchire lotsalira, chizindikiro choti pamalopo chitukuko sichinafike.

Mmisiri wondimangira nyumba adanena kawiri konse kuti mizu idzang'amba maziko. Mtengowo udali mamita oposa 12 kuchokera pakhoma, ndipo ndikadafunsa munthu wina mwina akadandiuza zosiyana. Sindidafunse. Zonena za mmisiriyo zinkagwirizana ndi zimene mtima wanga udagamula kale.

Loweruka lina mu Seputembala 2019 adabwera anyamata atatu ndi motosera. Tidamvana mametikali 2,000. Misau iwiri idagwa dzuwa lisanafike paliwombo. Bwemba adawavuta, poti mtima wake ndi wolimba ngati mwala, tcheni mpaka chidaduka kamodzi, koma pofika madzulo nayenso adali pansi, nthambi zitadzaza theka la kintale, zipatso zouma zikadali lendelende.

## Alendo awiri

Amayi adafika usiku womwewo. Adakwera shapa ku Ulóngwe, kudzera pa Mussacama, atanyamula thumba la mbatata ya kachewere ndi nyemba, kudzaona nyumba ya mwana wawo koyamba. Atalowa pageti adaima, n'kuyang'ana nthambi zija mumdima nthawi yaitali ndithu. Sadanene kanthu. Ine ndidati ndi kutopa kwa ulendo.

M'mawa mwake, tisanamwe ndi tiyi yemwe, tidamva "Odi, odi kuno!" Adali agogo ena a kuseri kwa mpanda wathu, amene ndinkangopatsana nawo moni panjira. Adanyamula lichero ndi matumba opanda kanthu, adzukulu awiri ali pambuyo. Adagwada chapatali.

"Aphunzitsi, pepani ndakulawirirani. Ndati ndipemphe nawo. Nthambi zagwazi musanazitenthe, ndingatoleko bwembayu?"

"Tolani, agogo," ndidatero. "N'zinyalala zokhazokha izi, mundithandiza kusesa."

Mawu amenewo ndimawamvabe m'khutu mpaka lero. Zinyalala.

Amayi adatulutsa mphasa n'kukayala m'mbali mwa khoma, pamene padali kamthunzi ka m'mawa, n'kuyamba kuwathandiza kuswa makoko. Azimayi achikulire akakumana sachedwa. Theka la ola lisanathe adali atadziwana kale kwawo ndi mafuko awo. Agogowo adali a ku Furancungo. Adathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo monganso ife, ndipo pobwerera mu 1994 amuna awo adawatengera ku Tete kudzafuna maganyu. Amunawo adamwalira patangopita zaka zochepa. Masiku amenewo kuno kudali mbuzi ndi minga basi, ndipo mtengo uja udali kale waukulu momwemo.

Ine ndidali m'nyumba ndikuyeza mazenera oika makatani pamene amayi adandiitana.

"Bambo, tabwerani kuno. Takhalani pansi apa mumve zimene akunena anzangawa. Amayi, tabwerezani zija."

Agogowo adachita manyazi, maso ali palichero. Adalankhula motsitsa ngati akupepesa. Adati chaka ndi chaka, kuyambira Julayi, ankatola pansi pa mtengowo, adzukulu atakwera kukagwedeza nthambi. Bwemba wina ankawoloka naye mlatho wa Samora Machel kukagulitsa m'milumilu kumsika wa Kwachena. Wina ankasunga m'zidebe zotseka bwino, chifukwa bwemba wouma saola msanga, amadikira mwini wake. Kukayamba kutentha kwa Okutobala ndi Novembala ankamuviika m'madzi, kusefa, kuthira shuga, kumanga m'timapepala ta pulasitiki, n'kukaika mufiriji ya mnansi wina amene ankamupatsa kangachepe pamwezi. Majelinyo amenewo pageti la sukulu ankatha ana asanaweruke.

"Malata a kanyumba kanga kaja, aphunzitsi, asanu ndi limodzi adachokera mumtengo uwu. Mayunifolomu a ana awa. Makope. Chaka chimene ndidadwala chifuwa, ya shapa yopitira kuchipatala inkachokera momwemu."

Zaka 25. Ine pobwera kudzaona omanga ndinkawaona ana pansi pa mtengowo, n'kumangoti akusewera.

"Nanga bwanji simudandiuze, agogo?"

"Malo ndi anu, aphunzitsi. Ine ndikadati chiyani?"

Amayi adatola khoko lina n'kuliswa ndi chala chachikulu.

"Nkhuni zakezi mwagulitsa zingati, bambo?"

"Sindinagulitse, amayi. Ndawalipira anyamata aja kuti adule."

"Mwawalipira."

Adakhala chete kanthawi, manja akugwirabe ntchito. Kenako adati: "Kwathu munthu akagulitsa ng'ombe yamkaka chifukwa cha njala timamumvera chisoni. Nanga wolipira anthu kuti amuphere ng'ombe yamkaka, nyama n'kukataya kudzala, ameneyo timutcha ndani?"

Sadakweze mawu, ndipo sadabwerezenso nkhaniyo masiku onse amene adakhala nafe. Ndidakhalabe pamphasapo, munthu wophunzitsa ana a eni kuwerengera, ndikuona matumba akudzaza limodzi ndi limodzi. Pofika madzulo adakwana anayi. Chimenecho chidali chotsalira chabe, agogowo atatola kale miyezi iwiri. Adzukulu aja ankanyamula thumba limodzi awiri, akupumira panjira, ndipo wamng'onoyo potuluka pageti ulendo womaliza adacheuka n'kuyang'ana chitsa. Sadandiyang'ane ine.

Tsiku lobwerera kumudzi amayi adandisiyira lamulo limodzi. "Zitsa izi musazitenthe, musazikumbe. Kapinga wanuyo mubzale mozungulira." Ndidali nditakonza kale zounjikapo nthambi n'kuyatsa moto. Ndidamvera chifukwa cha manyazi, kumvetsa kudabwera mochedwa.

## Kope la kapinga

Kapinga ndidamubzala ndithu. Ashoka ndidagula khumi kunazale ina ya mumzinda. Mvula yoyamba itagwa kintale idakongola monga ndinkalotera, ndipo anzanga a kuntchito ankajambulitsapo zithunzi zoika pa Facebook.

Ndili ndi chizolowezi cholemba ndalama zotuluka m'kope, ndiye izi sindikuchita kukumbukira. Mwezi woyamba wothirira m'mawa ndi madzulo, fatula ya madzi idakwera kuposa kawiri, ndipo inkatsika pokhapokha mvula ikamagwa. Kuno mvula ndi ya miyezi itatu kapena inayi, yotsalayo ndi dzuwa. Mnyamata wometa kapinga ankabwera kawiri pamwezi. Paipi ya pulasitiki dzuwa linkaiphwanya chaka chilichonse. Chiswe chidadya ashoka anayi m'chaka choyamba, ndidagula ena, ndidagulanso mankhwala a chiswecho.

Koma ndalama yaikulu idatulukira kumene sindinkayembekeza, ku Credelec, magetsi olipiriratu. Chipinda cha ana chili kumadzulo. Pamene tinkamanga, mthunzi wa bwemba unkafika pakhoma limenelo cha m'ma 3 koloko, ndipo omanga ankakonda kupumira pomwepo. Mtengo utachoka, khoma lidayamba kumwa dzuwa lonse la madzulo, lija la madigiri oposa 40, n'kumalilavulira m'chipinda mpaka pakati pa usiku. Kuligwira 10 koloko usiku limakhala ngati mbali ya uvuni ya buledi. Tidagula ventowinya, kenako ina, kenako makina oziziritsa m'nyumba pangongole. Ashoka ndi wokongola, koma mthunzi wake ndi wowonda ngati wa mzati wa magetsi. Ngakhale nkhuku siusapo.

Kenako idadza nyengo ya 2023 mpaka 2024, ya El Niño, chimanga chitapserera m'minda kuyambira ku Changara mpaka ku Zambia ndi ku Malawi. Chilimwe chotsatira madzi pampopi wathu ankabwera mofooka, masiku ena usiku wokha. Mayi a kunyumba adandifunsa funso losafuna kuganiza: madzi a m'migolo iwiriyi ndi a ana kapena a udzu? Kapinga adauma m'masabata atatu. Ndalama za zaka zinayi zidasanduka fumbi limene mphepo inkalowetsa m'nyumba.

Pakona paja misau iwiri idali itaphukira pazitsa kalekale. Palibe adaithirirapo. Idali yobiriwira, ndipo mu Julayi wa chaka chomwecho cha njala idabereka mpaka nthambi kugunda pansi.

## Womera ndi wogulira

Chinenero chathu chili ndi mawu amodzi a zinthu ziwiri. Mtengo ndi uja umamera, mtengo ndi ujanso timafunsa pamsika. Ine ndidazisokoneza. Ashoka ndinkamuona wamtengo chifukwa ndidatulutsa chikwama pomugula. Bwemba sindidamugule, ndiye ndidati alibe mtengo. Chonsecho pa ziwirizi wina ankadya ndalama mwezi ndi mwezi, wina ankabereka ndalama chaka ndi chaka, komanso ankanditsekera ndalama ina kuti isatuluke, ya madzi ndi ya magetsi. Ndalama yosatulukayo ndiyo imavuta kuiona, chifukwa silira m'thumba.

Anthu akunja adaziona kale zimene ife tikupondaponda. Mbuzi ya kwathu kuno ili ndi dzina lotetezedwa ndi lamulo, Cabrito de Tete, chinthu choyamba mu Mozambique kulembetsedwa motero potengera dera lochokera. Pofotokoza kukoma kwa nyama yake amatchula masau ndi malambe, zimene mbuzi zimatola m'chilimwe udzu ukatha. Ndiye kuti msau umene tikudula pokonza kintale ndi womwewo ukupatsa dzina nyama imene a ku Maputo amaitanitsa.

Malambe nawo, mu 2008 European Union idaloleza ufa wake kugulitsidwa ngati chakudya kumeneko, ndipo kuyambira pamenepo ufa umene ana athu amanyambita akusewera umawoloka nyanja m'mapaketi. Bwemba kwawo kwenikweni ndi kuno ku Africa. Aluya adamudziwira ku India n'kumutcha tamar hindi, tende wa ku India, ndipo dzina la Chipwitikizi lija la tamarindo lidachokera pamenepo. Lero Amwenye amamulima m'minda ikuluikulu ngati mbewu ina iliyonse. Ife eni ake tikulipira motosera.

Za msau akatswiri a zomera amati udachokera ku Asia zaka mazana ambiri zapitazo. Sinditsutsa. Koma mtengo umene umamera wokha m'ndowe za mbuzi, umene agogo a agogo athu adaphikira phala ndi kutchezera kachasu, umene umabereka chaka chimene chimanga chakana, ine ndimauwerengera kwathu.

Chimandiwawa n'chakuti mtengo wa mitengo yathu timauzindikira mlendo akaimika lole. Mkula udakhala m'nkhalango za kumpoto kwa Zambezi mibadwomibadwo, anthu osaulabadira kwenikweni. Ogula a ku China ataufuna udadulidwa mothamanga mpaka boma kuletsa mu 2018. Mlombwa ndi msambamfumu, imene ogulitsa matabwa amati umbila ndi chanfuta, nkhani yake ndi yomweyo. Pamenepo mtengo umalipira kamodzi kokha, tsiku limene wafa. Wa zipatso pakhomo umalipira uli moyo, ndipo amene amalandira kawirikawiri ndi mayi kapena agogo, amene ndalama yawo imathera mumphika ndi m'kope la mwana.

Nanenso monga mphunzitsi ndili ndi mbali yanga. Nthawi ya Pulezidenti Armando Guebuza tinkatsogolera ana pa ndondomeko ija ya "Um aluno, uma planta", mwana aliyense mtengo wake. Idali nzeru yabwino. Koma mbande zimene ndidagawira ana anga zidali keshiya, nimu ndi mango. Sindikumbuka tsiku limene ndidauza mwana kuti abweretse njere ya bwemba kapena ya mtowo kuchokera kwawo, chonsecho njerezo zidali m'matumba a mayunifolomu awo, zotsala pa zimene adadya panjira. Nimu sindimunyoza, wapulumutsa misewu yambiri ya mzinda uno kudzuwa. Koma ana aja adaphunzira kwa ine, popanda kuwauza, kuti mtengo woyenera kubzala ndi wobwera m'kachubu kakuda, ndipo wa kwawo ndi tchire.

Palinso ichi. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka ndi ya boma, sigulitsidwa. Chimene munthu angatche chake, n'kupatsira wina, ndi zimene zaima pamwamba pake. Tikamva zimenezi timaganiza za njerwa ndi malata. Koma nyumba ngati yanga mmisiri amaimanga m'chaka chimodzi ndalama zikakhalapo. Mthunzi ngati wa bwemba uja palibe sitolo imene ungaugule, ngakhale utanyamula ndalama m'thumba la makilogalamu 50. Umagulidwa ndi zaka basi.

## Minga

Sindikufuna kunamiza munthu kuti mitengoyi ilibe zovuta. Msau uli ndi minga yokowa, ndipo mwana woyenda chosavala nsapato amaidziwa msanga. Masau akayamba kugwa, ntchentche zimabwera, mbuzi za eni zimabwera, ana a m'bairo lonse amabwera, ena ndi miyala imene imathera padenga. Pansi pa bwemba wamkulu simumera chilichonse cholozeka, ndiye wofuna dimba la ndiwo aliike kutali. Mlambe pa talyau ya m'tauni ndi kudzinamiza, umafuna bwalo lake, ndipo alipo ambiri amene sangagone tulo kadzidzi akamalira m'menemo. Msangu ndi wa kumunda ndi kukhola, pakhomo lopanikizana minga ndi kukula kwake zimasowetsa mtendere.

Vuto lina ndi kupeza mbande. M'manazale amene ndayendamo mumzinda muno mudadzaza maluwa, ashoka, mandimu ndi mango olumikiza. Ukafunsa bwemba amakuyang'ana modabwa, chifukwa palibe amafunsa. Ndiye umadzifesera wekha. Njere ya bwemba ndi yolimba khungu: kuipala pang'ono pamwala, kuiviika m'madzi usiku umodzi, imamera bwinobwino. Chovuta ndi kudikira, poti wofesa kuchokera ku njere amatha zaka zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo asanalawe chipatso. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Msau suchedwa chotero, ndipo ukauduliradulira nthambi za m'munsi umakwera n'kupanga ambulera yabwino, minga ili pamwamba pa mitu ya ana.

Zonsezi ndi zoona. Koma kusesa masau ogwa ndi ntchito ya tsache, pamene kapinga ankafuna fatula.

## Kumtunda

Khirisimasi ya chaka chimene ndidadula mtengo ndidapita kwathu, ndipo kwa nthawi yoyamba ndidayang'ana pakhomo pa amayi ndi maso owerengera. Misuku itatu kuseri kwa nkhokwe, muula umodzi panjira ya kudambo, mpoza, nthudza m'mphepete mwa mpanda, msangu pakati pa munda wa pafupi. Luni ndi bonongwe zomera zokha pamene padali khola. Palibe chimene adagula.

Misukuyo adaipeza ili moyo pobwera kuchokera ku Dedza nkhondo itatha, nyumba zonse zitapsa. Masuku amapsa nthawi imene nkhokwe zayamba kulira, kuyambira cha mu Novembala, ndipo ine ndemwe ndidakulira ndowa za masuku zimene amayi ankasenza kupita nazo kumsika. Ndidaiwala bwanji? Sukulu ndi tauni zidandiphunzitsa kuona umphawi pamene padali chuma.

Amayi sadziwa dzina la ICRAF, bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda, kapena kuti ku Makoka, ku Zomba, akatswiri adakhala zaka akulumikiza misuku kuti izibereka msanga. Koma amadziwa kuti pali msuku waumuna umene subereka ndipo sudulidwa wonse, poti waukazi umaufuna. Amadziwa kuti njere ya suku imafesedwa ikadali yaiwisi, ikauma yafa, ndiponso kuti mbande imagwira bwino ukaithirira dothi lotapa pansi pa make. Amadziwa kuti msangu umayoyola masamba mvula ikamayamba, n'kusiyira chimanga dzuwa ndi manyowa, ndipo umavalanso m'chilimwe ng'ombe zikamafuna mthunzi ndi nyemba zake. Ndidawafunsa chifukwa chimene sadandiphunzitse zonsezi. Adati, "Mudali ndi mabuku, bambo. Tinkati za m'mabukuzo n'zoposa izi."

Pobwerera ndidafuna kunyamula mbande ya msuku kudzabzala ku Chingodzi. Adandiletsa. Msuku ndi wa kumtunda kozizira, m'chigwa ungangopserera. "Kumeneko kuli yakeyake. Mufunse anzanga aja."

## Mphukira

Ndidawafunsadi. Agogo aja ndiwo adandionetsa kusankha mphukira: pachitsa pakatuluka zambiri, umasiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo n'kudula, kuti mizu yakale ija, imene idafika kale kumadzi, ikankhire mphamvu zonse mwa zochepazo. N'chifukwa chake chitsa chimathamanga kuposa mbande. Ndidadzawerenga pambuyo pake kuti ku Niger alimi adabweza mitengo pa mahekitala pafupifupi 5 miliyoni mwa njira yomweyi kuyambira m'ma 1980. Agogowo adaiphunzira kwa amayi awo ku Furancungo.

Pamene padali kapinga pano timangosesa, monga kumudzi. Ashoka atsala atatu, ndawasiya, sadalakwe kanthu. Kamtowo kaja tidakamangira mpanda wa nthambi za msau ndipo chaka chatha kadabereka koyamba, ana anga n'kulawa matowo amene sankawadziwa n'komwe. Kumadzulo, pakati pa chitsa ndi chipinda cha ana, tidafesa njere zitatu za bwemba zochokera m'matumba anayi aja. Agogo adasungako. Ziwiri zidamera.

Masau a misau iwiriyo amatola ndi agogowo ndi adzukulu awo, geti limakhala losakhoma kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Amatisiyira ndowa imodzi pa zitatu zilizonse, ngakhale ndidawauza kuti asamatero. Koma masau si bwemba. Majelinyo a bwemba ndiwo adali ndi makasitomala, ndipo tsopano mdzukulu wamkulu amayenda mtunda wautali cha kumtsinje wa Revúbuè kukatola, kumene otola ndi ambiri, kapena amachita kugula kuti agulitsenso, phindu n'kuchepa. Zimene ndidawalanda Loweruka lija sindingathe kuwabwezera, ndipo agogowo akukalamba msanga kuposa mmene mtengo ukukulira.

Chitsa cha bwemba chidakhala chaka chathunthu chili duu, ine n'kuyesa chafa. Kenako chidatulutsa timphukira, mbuzi za mnansi zidalowa kawiri n'kudya tonse, chidatulutsanso. Pano ziwiri zimene tidasiya zapitirira mpanda. Mthunzi wake sunafike pakhoma la ana.

Mu Julayi ndidayanika masau padenga, n'kudzaza chidebe, n'kupatsira kondakitala wa shapa ya ku Ulóngwe. Madzulo ake foni idalira.

"Afika, bambo. Ndagawirako azakhali anu. Nanga bwemba uja wayamba maluwa?"

"Sanayambe, amayi."

"Chabwino. Mbuzi zisalowe."